Ng'oma ya Makina Osema Zitsulo

Inu ophunzira a m'makalasi apamwamba, ndi inunso aphunzitsi amene mutsogolera maphunziro a zosula ndi zopalapala, nkhani yathu ya lero ikhudza makina amene asema citsulo, thabwa kapena pulasitiki popanda dzanja la munthu kugwira cigwiriro. Makina otere amachedwa CNC, ndiko kunena kuti makina oyendetsedwa ndi manambala ocokera m'kompyuta. Ambiri mwa inu munaona kale nchito yao ngakhale simunadziwe: zikwangwani za masitolo za zilembo zodulidwa mosalala, zitseko za makabati zokhala ndi maluwa ofanana onse, mageti a citsulo odulidwa ndi moto wa plasma. Amene mudzapita kukaphunzira umisiri mukatsiriza sukulu mudzakumana nao maso ndi maso.

Pa makina amenewa pali cinthu cimodzi codabwitsa. Kompyuta ya masiku ano iwerengera masamu mabiliyoni pa sekondi imodzi. Koma ipatseni kanchito kakang'ono koyatsa ndi kuzima magetsi pa nthambo, kuyatsa ndi kuzima, kuyatsa ndi kuzima, mosaphonya nthawi ngakhale pang'ono, mudzaona kuti ipunthwa. Ncifukwa cake amisiri amaika kacipangizo kena pakati pa kompyuta ndi makina, kotsika mtengo ndiponso kopanda nzeru zambiri poyerekeza ndi kompyutayo, kuti kagwire nchito imodzi yokhayi. Kacipangizo kameneka ndiko mutu wa nkhani yathu, koma sitingakamvetse tisanaone bvuto limene kanabwera kudzathetsa.

Tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ku Traverse City m'cigawo ca Michigan ku America, kunali fakitale ya John T. Parsons imene inali kupanga mapiko a ndege za helikopita. Phiko lotere liri ndi mpindiko wofuna muyeso weniweni, ndipo kusema cikombole cake ndi maso kunali kobvuta. Parsons ndi injiniya wake Frank Stulen anawerengera malo ambirimbiri amene mpeni uyenera kufika, nalemba manambalawo pa pepala. Pogwira nchito munthu mmodzi anali kuwerenga manambala, ndipo anthu awiri anali kupotoza zigwiriro, wina ya kumanja ndi kumanzere, wina ya kutsogolo ndi kumbuyo. Asilikali a ndege a dziko la America anaikapo ndalama kuti nchito ya anthu aja igwiridwe ndi mamota, ndipo m'caka ca 1952 akatswiri a pa Massachusetts Institute of Technology anaonetsa makina osema okha, owerenga malangizo pa tepi ya pepala yoboolaboola.

Kwa zaka zambiri makina otere anali a mafakitale akuluakulu okha. Zinthu zinasintha pamene kompyuta wamba inatsika mtengo. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la boma la America loona za miyeso, la NIST, linalemba pulogalamu yoyendetsa makina yochedwa EMC, ndipo aliyense analoledwa kuitenga mwaulere. Mdzukulu wake lero ndi LinuxCNC. Pambuyo pake Art Fenerty analemba Mach3, ya pa Windows. Mapulogalamu awiriwa anapezera mwai pa soketi ya mapini 25 ya kumbuyo kwa kompyuta, yochedwa parallel port, imene nchito yake inali kulumikiza pulinta. Ubwino wa soketiyi unali wakuti pulogalamu ikhoza kuyatsa kapena kuzima pini iriyonse payokha. Mwa njira iyi mmisiri wa m'garaja anatha kuyendetsa makina ake ndi kompyuta yakale ya mu ofesi.

Tsono tione cimene mapiniwo alamulira. Makina ang'onoang'ono ambiri ayendetsedwa ndi mota ya mtundu wochedwa stepper. Mota ya fani kapena ya cigayo mukaipatsa magetsi ingozungulira kufikira mutazima. Iyi ai. M'kati mwake muli gudumu la maginito lokhala ndi mano 50, lozingidwa ndi makoyilo a magulu awiri. Magetsi akasintha m'makoyilo, mano aja akokedwa pang'ono naima. Akasinthanso, akokedwanso pang'ono naima. Kusuntha kumodziko ndiko sitepe. Pa mamota ambiri sitepe imodzi ndi madigiri 1.8, kotero kuti masitepe 200 akwanitsa kuzungulira kamodzi.

Mphamvu ya m'makoyilo icokera m'bokosi limene amisiri alicha driver. Bokosili limvera nthambo ziwiri. Yoyamba inena kolowera, kutsogolo kapena kumbuyo. Yaciwiri ndiyo ya masitepe: magetsi akakwera kamodzi ndi kutsikanso, bokosi lisuntha mota sitepe imodzi. Kukwera ndi kutsika kumeneku m'Cingerezi amati pulse, liu lomwe lija anena adokotala pogwira mtsempha wa pa mkono. Ife tidzati kugunda. Palibenso cina cimene bokosi lidziwa. Kutalika kwa ulendo wa mpeni ndi ciwerengero ca kugunda, ndipo liwiro lake ndi kufulumira kwa kugunda.

Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Mota yathu izungulitsa bauti yaitali ya mazinga, ndipo nati ya pa bautiyo yamangidwa ku tebulo la makina. Tinene kuti bauti ikazungulira kamodzi tebulo lisuntha mamilimita 5. Mabokosi a driver a masiku ano atha kugawa sitepe m'tizigawo kuti mota iyende mosanjenjemera. Tinene kuti tagawa sitepe iriyonse pa 16. Pamenepo kuzungulira kamodzi kufuna kugunda nthawi 3,200, ndipo milimita imodzi ifuna nthawi 640. Malangizo a makina alembedwa m'cinenero cochedwa G-code, ndipo mzere umodzi ukhoza kukhala wotere: G1 X100 F3000. Tanthauzo lake nlakuti, yenda molunjika kufikira pa mamilimita 100, pa liwiro la mamilimita 3,000 pa mphindi. Kamzere kafupi kameneka, ngati tiyambira pa ziro, ndi kugunda nthawi 64,000 m'masekondi awiri, ndiye kuti nthawi 32,000 pa sekondi. Mpata wa pakati pa kugunda kwina ndi kunzake ndi maikulosekondi 31.25. Maikulosekondi ndi gawo limodzi la sekondi itagawidwa pa miliyoni. Kuphethira kwa diso kumodzi kutenga maikulosekondi oposa 100,000, kotero kuti mukangophethira mota yathu yalandira kale kugunda koposa nthawi 3,000. Ndipo iyi ndi mota imodzi yokha. Makina ambiri ali nao atatu, ndipo posema cozungulira liwiro la iriyonse lisintha kosalekeza.

Mwina mudzafunsa kuti, kodi pali kanthu ngati kugunda kwina kwacedwa pang'ono, malinga ciwerengero conse cikwanire? Pali kanthu ndithu, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Munaonapo ana a sukulu ali kuguba pa tsiku lokumbukira ufulu. Phazi liri lonse litera pamene ng'oma yalira. Woimba ng'oma akadodoma kamodzi, kenaka naimba kawiri mofulumira kuti abweze cimene anataya, ciwerengero ca kulira kwa ng'oma cikhala cokwana, koma mzere wa ana wasokonezeka kale, pakuti phazi limene linali m'mwamba silikanaima kudikira ng'oma. Gudumu la m'mota liri cimodzimodzi. Liri ndi kulemera kwake, ndipo likoka bauti ndi tebulo lolemeranso. Likakhala pa liwiro silingaime mwadzidzidzi, ndipo likafooka silingalumphe mwadzidzidzi. Mphamvu ya maginito imene ilikoka iyenera kukhala patsogolo pake pang'ono nthawi zonse, monga munthu wotsogolera ng'ombe ndi cingwe cacifupi. Kugunda kukacedwa, gudumu lipitirira malo ake. Kukabwera mothithikana, gudumu litsalira. Likatsalira kopitirira muyeso, cingwe cija caduka, ndipo mano ake agwera pa malo ena.

Dziwaninso kuti mota ya stepper ikaphonya siphonya kacigawo kamodzi ai. Cifukwa ca kapangidwe ka mano aja, iphonya masitepe athunthu 4 nthawi imodzi, kapena 8, kapena 12. Pa makina athu masitepe 4 ndi milimita 0.1. Kwa mmisiri wa matabwa imeneyo si nkhani, koma kwa wosema malo okhalamo beringi ndi nchito yoonongeka. Ndipo kawirikawiri pa liwiro lalikulu mota singophonya cabe: iima ndithu nilira ngati njuci, pamene kugunda kuli kupitirira.

Coipa koposa nici: kompyuta sidziwa kanthu. Pa makina wamba palibe nthambo yobwerera yoiuza pamene tebulo lafika. Iyo iwerenga kugunda kumene yatumiza, nikhulupirira kuti mpeni uli pa 100 pamene uli pa 93, ndipo malangizo onse otsatira ayambira pa bodza limenelo. Mpeni ulowa pamene sunayenera kulowa, uthyoka, kapena udya citsulo cogwira nchito ija. Lingalirani mmisiri wa ku Kitwe kapena ku Chipata amene wagula cidutswa ca mkuwa ndi ndalama za mwini nchito kuti aseme cipangizo ca pampu cimene sicipezeka m'sitolo. Wasema maola atatu, ndipo kwatsala mphindi zocepa. Kudodoma kumodzi kosakwana ndi kuphethira komwe kutaya mkuwa, mpeni, tsiku lonse, mwinanso mwini nchito amene sadzabweranso.

Nanga kompyuta idodoma cifukwa ninji? Yerekezani kuti ng'oma ija taipereka kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu. Iye ngwanzeru koposa mnyamata woimba ng'oma, palibe wotsutsa. Koma pamene ali kuimba, kholo lagogoda pa citseko, lamya yalira, kalata yofuna kusaina yafika, ndipo pa ciri conse ayenera kuceuka, angakhale kwa kamphindi. Kompyuta wamba inapangidwira moyo wotere. Iyang'anira cithunzi ca pa galasi, mbewa, mabatani olembera, intaneti, ndi posungira nkhani, ndipo ciri conse ca izi ciri ndi ufulu woidula pakamwa. Windows, ngakhalenso Linux wamba, silonjeza kuti nchito yakuti idzacitika pa maikulosekondi yakuti. Ilonjeza cabe kuti idzacitika msanga, ndipo kwa munthu wolemba kalata msangayo ngokwana. Palinso nchito zobisika za m'bolodi lalikulu, monga kuyang'anira kutentha ndi batire, zimene zilanda kompyuta yonse kwa kanthawi osapempha cilolezo kwa wina aliyense. Pa ici malaputopu ndiwo abvuta koposa.

Olemba mapulogalamu analimbana nalo bvutoli mwamphamvu, ndipo tiyenera kuwayamikira. LinuxCNC iyenda pa Linux yokonzedwa mwapadera, yoika nchito ya nthawi patsogolo pa zina zonse, ndipo iri ndi poyesera kucedwa kwa kompyuta iriyonse. Malangizo ake anena kuti kucedwa kukakhala kosakwana maikulosekondi 15 kapena 20 kompyutayo idzaimba bwino, koma kukafika 100 siyenera kupatsidwa ng'oma. Komabe, angakhale pa kompyuta yabwino, patsala cobvuta cina. Pulogalamu siingayang'ane mapini nthawi iri yonse; idzuka pa nthawi zoikika, tinene kamodzi pa maikulosekondi 25 ali onse, niona ngati nkoyenera kugunda. Tsono ife tifuna mpata wa 31.25. Mpata wotere palibe. Pali wa 25, wa 50, wa 75. Cimene pulogalamu ingacite ndi kupereka 25, 25, 25, kenaka 50. Phatikizani: zikwana 125, monga momwe 31.25 kanai ikwanira 125. Masamu ali bwino, koma ng'oma iri kutsimphina pa kugunda kwacinai kuli konse. Mota ipirira kutsimphinako pa liwiro locepa. Pa liwiro lalikulu, pamene mphamvu yake yokoka yacepa kale, kutsimphinako kudya mphamvu yotsalayo.

Apa mpamene kacipangizo kathu kalowera. Nzeru yake njosabvuta: mphunzitsi wamkulu apitirize kulinganiza ulendo, koma ng'oma ipatsidwe kwa wina amene alibe lamya, alibe alendo, alibe kalata. M'kacipangizoka muli wochi yofulumira kwambiri, ndi zowerengera zimene nchito yake ndi kuwerenga kugunda kwa wociyo basi. Pa bolodi laling'ono lodziwika bwino la Arduino Uno wochi igunda nthawi 16 miliyoni pa sekondi. Mpata wathu uja wa maikulosekondi 31.25 ndi kugunda kwa wochi nthawi 500 ndendende. Mpata ukakhala wosagawika bwino, kulakwa kwake sikuposa kugunda kumodzi pa 500. Fanizirani ndi kuja kwa 25 ndi 50.

Njira imodzi yowerengera, imene ikondedwa pa makhadi apamwamba, njokoma kuimva. Tengani citini cimene cidzala ndi masupuni 1,000 a madzi. Wochi ikagunda kamodzi muthiramo masupuni awiri. Citini cikadzala muimba ng'oma kamodzi, mucotsamo masupuni 1,000, koma otsala muwasiya momwemo. Mudzaimba kamodzi pa kugunda kwa wochi nthawi 500. Mukafuna kufulumira, thirani masupuni atatu: citini cidzadzala pa 334, kenaka pa 333, kenakanso pa 333, ndipo palibe dontho lotayika cifukwa otsala aja awerengedwa pa ulendo wotsatira. Taonani tsono: kuti liwiro lisinthe, pafunika kusintha nambala imodzi yokha, ya masupuni. Zitini zenizeni za m'makhadi zilowa masupuni mabiliyoni, kotero kuti liwiro litha kusinthidwa pang'onong'ono kwambiri. Nzeru yosunga zotsala imeneyi si yatsopano. Jack Bresenham wa ku IBM anapeza njira yofanana nayo m'caka ca 1962 pofuna kuti makina ojambula ndi colembera akoke mzere wopendekeka molunjika, ndipo njira yakeyo igwirabe nchito lero poyendetsa mamota awiri kapena atatu kuti ayambire pamodzi ndi kufikira pamodzi.

Makhadi ambiri a mtundu uwu amangidwa pa chip cochedwa FPGA. Ici si kompyuta yocita nchito mosinthanasinthana. Ndi cipangizo cimene njira zake za m'kati mmisiri atha kuzilumikiza monga afunira, kotero kuti mota iriyonse ikhala ndi citini cake ndi woimba wake, onse ali kugwira nchito nthawi imodzi popanda kudikirana. Makhadi otere atha kugunda nthawi mamiliyoni pa sekondi, kuposa kwambiri zimene mabokosi a driver wamba angalandire.

Funso lotsala ndi lakuti nchito igawidwe potani, ndipo pano amisiri anapatukana njira.

Ena anati, kompyuta itsogole, ikonzeretu ulendo wa m'tsogolo ndi kuuthira m'nkhokwe ya m'kacipangizo, ndipo kacipangizo kazitapa m'nkhokwemo pa nthawi yake. Kompyuta ikadodoma palibe kanthu, malinga nkhokwe isathe. Umu ndimo mugwirira SmoothStepper ya kampani ya Warp9, imene itha kugunda kufikira nthawi 4 miliyoni pa sekondi, ndi UC100 ya kampani ya CNCdrive ya ku Hungary. Zonse ziwiri zigwirizana ndi Mach3. Grbl inapita patsogolo pa njira yomweyi. Pulogalamu yaulereyi, imene anaiyamba Simen Svale Skogsrud wa ku Norway m'caka ca 2009, ikhala m'kati mwa Arduino Uno momwemo, niwerenga G-code yokha, nilinganiza yokha kuonjezera ndi kucepetsa liwiro. Kompyuta itsala ngati kalaliki wongopereka mizere. Malire ake ndi kugunda pafupi nthawi 30,000 pa sekondi, ndiye kuti citsanzo cathu ca 32,000 caipitirira pang'ono. Wochi yake njolondola, koma kacip kakang'onoko kali ndi masamu ocita pa kugunda kuli konse. Njira ya nkhokwe iri ndi mtengo wake. Cimene kompyuta iri kuganiza tsopano si cimene mpeni uli kucita tsopano, cifukwa pakati pao pali nkhokwe. Ndipo nkhokwe ikatha pakati pa nchito, makina aima mpeni uli kuzungulira, nusiya cipsera pa thabwa.

Ena anakana kulanda kompyuta ulamuliro. Pa LinuxCNC ndi makhadi a FPGA a kampani ya Mesa Electronics ya ku California, kompyuta ilankhula ndi khadi nthawi 1,000 pa sekondi. Ulendo uli wonse ifunsa kuti, wagunda kangati? Ndipo ikamva, iuza khadi ciwerengero catsopano ca masupuni. Pa citsanzo cathu, pakati pa kulankhula kwina ndi kunzake khadi ligunda lokha nthawi 32. Kompyuta ikacedwa ndi maikulosekondi 50, kucedwa kumene kukanatsimphinitsa ng'oma ya parallel port, khadi lingopitiriza pa liwiro lomwe linali nalo, ndipo kakulakwa kamene kangatsalepo kakonzedwa pa kulankhula kotsatira. Kompyuta ifunikabe kusunga nthawi, koma mtolo wake wapepuka kwambiri. Ine ndiona kuti njira iyi ndiyo yokongola koposa, cifukwa wolinganiza ulendo sacoka pa ciongolero. Makhadi omwewa atha kuwerenganso kuzungulira kwa citsulo pa makina a lathe, ndipo ici cithandiza posema mazinga a bauti, pamene mpeni uyenera kuyenda mogwirizana ndi kuzungulira kwenikweni kwa citsulo, osati kumene kompyuta iri kuyembekezera. Kubvuta kwake nkwakuti wokonza ayenera kuphunzira zambiri asanayambe kusema.

Nthambo yolumikiza iri ndi nkhani yakenso. USB itumiza uthenga m'mitolo, ndipo mtolo ukhoza kucedwetsedwa. Pa njira ya nkhokwe ici sicibvuta, koma pa njira yolankhulana nthawi 1,000 pa sekondi sicingatheke. Ncifukwa cake makhadi a LinuxCNC alowa m'bolodi la kompyuta kapena alumikizidwa ndi Ethernet. Ethernet iri ndi ubwino wina umene amisiri a plasma audziwa bwino: magetsi a mbali ziwirizo sakhudzana mwacindunji, kotero kuti cisokonezo cocokera ku moto wodulira kapena ku mota yaikulu siciduladula uthenga monga cicitira pa USB. Ndipo cenjerani ndi tinthambo totsika mtengo tolumikiza pulinta yakale ku USB. Kunja tioneka ngati UC100, soketi yake njomweyo ya mapini 25, koma m'kati mulibe woimba ng'oma. Tidziwa kutumiza zilembo kwa pulinta basi, ndipo sitingayendetse mota.

Kodi tsono aliyense agule khadi? Musathamange. Yambani mwawerengera. Mukagawa sitepe pa 8 m'malo mwa 16, nimukhutira ndi mamilimita 1,500 pa mphindi, makina omwe aja afuna kugunda nthawi 8,000 zokha pa sekondi, ndipo kompyuta yakale ya pa tebulo imene yapambana mayeso a kucedwa idzakwanitsa osabvutika. Kugawa sitepe kopitirira kusalalitsa kayendedwe ka mota, koma sikuonjezera kwenikweni kulondola, pakuti kacigawo kakacepa, mphamvu yokasunga pa malo pake icepanso. Ambiri agula liwiro limene makina ao sangalipirire. Komabe masiku a parallel port apita. Makompyuta atsopano ambiri alibe soketiyo, ndipo Mach3 siingaiyendetse pa Windows ya 64-bit. Cotero kacipangizo kamene poyamba kanali ka ofuna liwiro kasanduka khomo lolowera ambiri oyamba kumene.

Kumbukiraninso zimene khadi silingacize. Mota yocepa mphamvu idzaphonyabe, angakhale ng'oma ikome cotani. Mpeni wobuntha, nati yogwedera pa bauti, ndi kuuza makina kuti afike pa liwiro lalikulu mwadzidzidzi monga lole yodzala cimanga inganyamuke ngati njinga, zonsezi zitayitsa masitepe, ndipo mmisiri wosadziwa adzanamizira kompyuta. Alipo mamota a stepper okhala ndi cowerengera kumbuyo kwao, amene akonza kuphonya kwakung'ono ndi kuimitsa makina pa kuphonya kwakukulu; ndi okwera mtengo, koma pa nchito ya citsulo codula abweza ndalama zao.

Pali cinthu cina cimene sindifuna kuti muciphonye, cifukwa cikhudza zala ndi maso. Woimba ng'oma wosayang'ana kumbali ngwabwino, koma ngwoopsanso. Kompyuta ikauma mutu pakati pa nchito, khadi likhoza kupitiriza kugunda pa liwiro lomaliza limene linauzidwa, kufikira tebulo litagunda ku mapeto. Ncifukwa cake makhadi a Mesa ali ndi mlonda m'kati, wochedwa watchdog: kompyuta ikakhala cete kopitirira kanthawi koikika, mlondayo azima mapini onse. Koma musatsamire pa mlonda yekha. Batani lofiira loimitsa makina pa ngozi liyenera kukhala ndi nthambo yakeyake yodula mphamvu ya mamota ndi ya mpeni mwacindunji, osadzera m'kompyuta, osadzera m'nkhokwe. Ndipo popeza magetsi akhoza kuzima nthawi iri yonse, ikani maswichi ku mapeto kwa njira ya tebulo. Magetsi akapita, ciwerengero ca kugunda cipita nao limodzi. Akabwera, makina ayambe ayenda pang'onopang'ono kufikira atakhudza maswichiwo, kuti apezenso ziro yao, musanawabwezere pa nchito.

Aphunzitsi, nayi nchito ya m'kalasi. Makina ena alibe bauti koma lamba wa mano, ndipo mota ikazungulira kamodzi lamba asuntha mamilimita 40. Mota nja masitepe 200, ogawidwa pa 16. Ophunzira apeze kugunda kofunika pa milimita imodzi, kugunda kofunika pa sekondi ngati liwiro ndi mamilimita 6,000 pa mphindi, ndi mpata wa pakati pa kugunda m'maikulosekondi. Akatero anene ngati Grbl pa Arduino Uno ingakwanitse, ndiponso kuti tebulo lidzasokera mamilimita angati mota ikaphonya masitepe athunthu 4.